Kudula nsalu ndi pulojekita kunyumba: kuipachika, kuiyeza ndi kusintha pateni

Pateni ya chovala yogula pa intaneti imabwera ngati fayilo ya PDF. Mwa njira yakale mumasindikiza mapepala a A4 okwana 30 kapena kuposa, kudula m'mphepete mwake, kuwalumikiza ndi selotepi, kenako n'kudula saizi yanu. Tsiku limatha nsalu musanaikhudze. Pulojekita imachotsa ntchito yonseyi. Mumaipachika pamwamba pa tebulo, lenzi italoza pansi, ndipo imawalitsa mizere ya pateni pansalu penipeni. Inu kwanu n'kutsatira mzere wowalawo.

Komatu pulojekita sidziwa sentimita. Ikatalikira tebulo chithunzi chimakula, ikayandikira chimachepa, ikapendekeka mbali imodzi imatambasuka kuposa inzake. Choncho ntchito yeniyeni ili pa kuimanga kuti isagwedere ndi kuiyeza mpaka sentimita ya m'chithunzi ifanane ndi ya pa tepi yanu.

Yezani chipinda musanagule

Tengani tepi muyeze kuchokera pamwamba pa tebulo kufika pamene pulojekita idzamangidwe. Tiyerekeze kuti siling'i ili pa masentimita 260 kuchokera pansi, tebulo n'lalitali masentimita 75. Patsala 185. Pulojekitayo pamodzi ndi chopachikira chake idya pafupifupi 30, ndiye kuti kuchokera pa lenzi kufika pansalu pali masentimita 155.

Pa bokosi kapena m'kabuku ka pulojekita mumakhala nambala yotchedwa throw ratio. Mukagawa mtunda uja ndi nambala imeneyi mupeza m'lifupi mwa chithunzi. Mapulojekita aang'ono ambiri a LED ali pakati pa 1.2 ndi 1.5. Ikakhala 1.4, mtunda wa 155 ukupatsani chithunzi cha masentimita 110 mbali yaitali ndi pafupifupi 62 mbali yaifupi. Kukula kumeneku n'kokwanira bwino, chifukwa chitenje chimakhala ndi masentimita pafupifupi 115 m'lifupi, ndipo mukachipinda pawiri chimalowa chonse m'chithunzimo. Ngati masamu akukupatsani chithunzi chochepera masentimita 80, lekani tebulo muzidulira pansi, kapena funani pulojekita ya throw ratio yotsika. Onaninso mtunda wochepetsetsa umene pulojekitayo imatha kuonetsa chithunzi chakuthwa. Zambiri zazing'onozi zimachita chimbuuzi zikayandikira kuposa mita imodzi.

Nambala yachiwiri ndi native resolution, kuchuluka kwa timadontho timene pulojekitayo imawalitsadi. Isachepere 1280 x 720. Ogulitsa amakonda kulemba 1080p ndi zilembo zikuluzikulu pamene makinawo ndi a 800 x 480, amangolandira chabe chithunzi cha 1080p n'kuchiphwanya. Pa chithunzi cha masentimita 110, ya 1280 imapereka kadontho kosakwana milimita imodzi, pamene ya 800 kadontho kake kamayandikira milimita imodzi ndi theka, ndipo manambala a masaizi ndi timizere ta madati (timapindo tosokedwa kuti chovala chitsatire thupi) sitiwerengeka.

Palinso mapulojekita otchedwa ultra short throw, monga a Epson aja amapachikidwa pamwamba pa bolodi m'makalasi. Amenewa safuna kupachika kudenga, amakhala pambali pa tebulo n'kuwalitsa chopendekera, ndipo amawala kwambiri ngakhale masana. Kuipa kwake, ndi olemera, amadya magetsi opitirira mawati 200, ndipo chifukwa kuwala kumabwera cham'mbali, kakhwinya kakang'ono pansalu kamakhotetsa mzere kwambiri. Kwa munthu woyamba kumene, yaing'ono ya LED yopachika ndiyo yosavuta. Imadya mawati pafupifupi 50 mpaka 70, moti batire ya sola ndi inveta yaing'ono zimaiyendetsa magetsi akazima. Ngati yachokera kunja, werengani pa adaputa yake muone ngati palembedwa 100–240V, paja magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a 230V.

Kupachika

Siling'i bodi payokha siingasunge pulojekita. Pezani thabwa la mkati limene siling'iyo yakhomedwapo, kapena ngati nyumba ilibe siling'i, mangani pa mtanda wa denga. Mtanda ukatalika kwambiri, khomani thabwa lopingasa pamsinkhu umene masamu anu akufuna. Mapulojekita aang'ono ambiri ali ndi kabowo kamazinga kunsi kwake, kofanana ndi ka kamera, komangirapo bulaketi. Ngati bulaketi palibe, kalipentala angakupangireni kabokosi kathabwa kokhala ndi bowo la lenzi pansi, bola m'mbali mukhale motsegula kuti mpweya wa fani uzituluka. Pansi pa malata pamatentha masana, ndipo pulojekita yotsekeka mabowo a mpweya imazima yokha kapena kupsa galasi lamkati. Mangiraninso waya wina wapadera kuchokera pa pulojekita kupita pa mtanda, kuti bawuti ikamasuka pulojekitayo isagwere munthu.

Lenzi iloze pansi chindunji. Ikani levulo ya amisiri omanga pathupi la pulojekita mbali zonse ziwiri, muikenso pa tebulo. Tebulo lopendekeka kapena lofooka pakati limalakwitsa chimodzimodzi ngati pulojekita yopendekeka. Ngati likugwedera, ikani kathabwa kunsi kwa mwendo, ndipo lembani pansi ndi penti kapena selotepi pamene mwendo uliwonse wakhala, kuti likasunthidwa posesa libwerere pomwepo.

Lumikizani laputopu ndi chingwe cha HDMI, ndiyo njira yodalirika. Chingwe cha mamita atatu kapena asanu chimakwanira. Chimangirireni pa mtanda kuti kulemera kwake kusamakoke pulojekita. Foni imathekanso, kudzera pa Chromecast kapena screen mirroring, koma si mafoni onse amene amatulutsa chithunzi pa chingwe, ndipo chithunzi cha foni nthawi zambiri sichidzaza malo onse.

Kenako lowani m'masetingi a pulojekita. Keystone, imene imawongola chithunzi chopendekeka, ikani pa ziro, ndipo ngati ili ndi auto keystone kapena auto focus, zimitsani. Zimenezi zimadzisintha zokha nthawi iliyonse mukayatsa, n'kuwononga muyezo wanu inu osadziwa. Tembenuzani lenzi mpaka zilembo zapakati zikhale zakuthwa, kenako yang'anani m'makona. Ngati mbali imodzi ikuthwa ina ili chimbuuzi, pulojekita yapendekeka. Konzani pa bulaketi, pulogalamu siingakonze zimenezo.

Kuyeza chithunzi

Mufunika chinthu chokhala ndi mizere yoyezedwa bwino. Chabwino ndi mphasa yodulirapo ija yobiriwira, ya masentimita 90 ndi 60, yokhala ndi timabokosi ta sentimita. Ngati mulibe, jambulani nokha pa hadibodi kapena pa pepala lolimba lomatidwa pa tebulo. Jambulani bokosi la masentimita 80 ndi 60, kenako yezani kuchokera pa kona ina kupita pa kona yopingasana nayo. Pazikhala 100 ndendende, mbali zonse ziwiri. Ikakhala 99 uku 101 uko, makona anu sanaongoke, fufutani muyambirenso. Chithunzi chikakhala chaching'ono, jambulani la 64 ndi 48, ndipo popingasa pakhale 80. Gwiritsani rula yachitsulo. Tepi ya telala ikakalamba imatanuka, ndipo mamilimita atatu amene yawonjezera adzalowa m'chovala chilichonse.

Pulogalamu yosavuta yoyezera chithunzi ndi kuwalitsira pateni ndi Pattern Projector. Ndi yaulere, imatsegulidwa mu Chrome pa adiresi ya patternprojector.com, ndipo mukaiika pa laputopu imagwira ntchito ngakhale mulibe bandulo. Chitani motere.

Choyamba, dzazitsani chithunzi pa sikirini yonse ndi batani la full screen. Muyezo wochitidwa pa windo laling'ono sugwira mukadzakulitsa.

Chachiwiri, pa tsamba la Calibrate sankhani masentimita, lembani m'litali ndi m'lifupi mwa bokosi lanu, mwachitsanzo 80 ndi 60. Sankhani bokosi lalikulu momwe chithunzi chingalolere. Kuyeza pa kabokosi ka 20 ndi 20 pakati pa tebulo kumabisa zolakwika zimene zimakula m'mphepete.

Chachitatu, kokani makona anayi a bokosi lowala, imodzi imodzi, mpaka iliyonse ikhale pa kona ya bokosi lanu la pa tebulo. Mukayandikira, lekani mausi mugwiritse mabatani a mivi, amasuntha pang'onopang'ono. Weramani muyang'ane kuchokera pamwamba penipeni, osati muli chikhalire pampando.

Chachinayi, yang'anani mizere yapakati. Makona akhoza kugwirizana onse koma pakati mizere n'kusiyana ndi ya pamphasa. Zikatero, tebulo lapindika kapena mphasa yatukuka pena pake. Mphasa yodulirapo imapindika ikasiyidwa padzuwa kapena ikasitidwirapo.

Mukamaliza pitani pa Project, tsegulani pateni, ndipo funani kabokosi koyesera kamene pateni iliyonse yabwino imakhala nako, ka masentimita 5 kapena 10, pena ka mainchesi awiri kapena anayi. Kayezeni pakati pa tebulo, kenako kasunthireni ku kona kayezeninso. Musakhutire ndi kabokosika kokha. Kulakwa kwa milimita imodzi pa masentimita 5 sikuoneka ndi maso, koma ndi magawo awiri pa 100 aliwonse, ndipo pa mahipi a masentimita 100 ndi masentimita awiri athunthu, okwanira kuti siketi ikane kutsekeka zipi. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri pa masentimita 60 ndiko kololeka.

Muyezowu umasungika. Umawonongeka munthu akagunda pulojekita kapena tebulo, mukasintha resolution ya laputopu, mukakulitsa zilembo mu Chrome, kapena mukalumikiza chipangizo china. N'chifukwa chake musanadule tsiku lililonse muziyamba mwawalitsa timabokosi ta pulogalamu pamphasa yopanda nsalu n'kuona ngati tikugwirizana. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Fayilo yoyenera

Ogulitsa mapateni ambiri tsopano amaphatikiza projector file, fayilo yopangidwira pulojekita, yokhala ndi mizere yonenepa ndi zidutswa zotalikirana. Ikasowa tengani ya A0, imene ndi tsamba limodzi la mamilimita 841 ndi 1189. Ngati muli ndi ya A4 yokha, masambawo alumikizidwe kaye. Pattern Projector ili ndi gawo la Stitch lochitira zimenezi, ndipo palinso pulogalamu yaulere ya PDFStitcher. Mumauza pulogalamu kuti masamba ndi angati pamzere uliwonse ndi kuti ichotse m'mphepete mochuluka bwanji, mpaka mizere ikumane popanda mpata. Fayilo ikakhala ndi ma layer, ndiko kuti saizi iliyonse ili payokha yotha kuyatsidwa ndi kuzimitsidwa, zimitsani masaizi onse kusiya yanu. Onjezerani kunenepa kwa mzere mpaka uzioneka bwino, koma osapitirira, chifukwa mzere wa mamilimita atatu umakusiyani mukudabwa kuti mudule mbali iti. Zolowerani kudula pakati pake nthawi zonse.

Werenganinso malangizo a pateni mudziwe ngati alawansi ya msoko ili kale mkati. Ena amaika sentimita imodzi, ena imodzi ndi theka, ena saika n'komwe.

Kudula

Chapani chitenje kaye kuti chifupike chisanasokedwe ndi kuti sitachi ichoke, kenako chisiteni. Khwinya lililonse ndi kaphiri, ndipo mzere wowala ukakwera kaphiri umakhota. Yalani nsalu mphepete yake ya kufakitale itatsata mzere umodzi wa pamphasa, ndipo tembenuzani pateni mpaka muvi wa ulusi, uja wa pa pateni wosonyeza kolowera ulusi wa nsalu, uyende mofanana ndi mphepeteyo. Nsalu yotsala isalendewere kumapeto kwa tebulo, imakoka. Ikulungeni muiike pampando. Tsindikani nsalu ndi zinthu zolemera, kaya ndi mawashala akuluakulu, timiyala tosalala tochapa kapena tizitini, m'malo mwa mapini amene amatukula nsalu.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Sizasi imalowa kunsi kwa nsalu n'kuinyamula, ndipo nsalu ikanyamuka mzere umasuntha. Pa pateni ya pepala zilibe kanthu chifukwa pepala limanyamuka limodzi ndi nsalu, koma kuwala sikunamatidwe pansalu. Choncho ngati mukudula ndi sizasi, jambulani kaye chidutswa chonse ndi choko chosongola nsalu ili chigonere, lembani madati, zizindikiro za m'mphepete ndi malo a thumba, ndiyeno dulani potsata choko. Kudula motsata kuwala mwachindunji n'kwa amene ali ndi kampeni ka gudumu, ka mamilimita 45, ndi mphasa yodulirapo. Hadibodi imabunthitsa kampenika nthawi yomweyo.

Chitenje cha maluwa ambiri chimameza mzere. Tsekani makatani kapena dulani madzulo, ndipo tembenuzani mitundu ndi batani la Invert kuti mizere ikhale yobiriwira kapena yoyera pamalo akuda. Pansalu yoyera mizere yakuda pamalo owala ndiyo imaoneka bwino. Pamene mzere wasowabe, gonekani kapepala koyera pamalopo, muone pamene mzere ukudutsa, n'kuika kadontho ka choko m'mphepete mwa kapepalako.

Ubwino waukulu pa chitenje ndi wakuti mumaona maluwa ndi pateni nthawi imodzi. Mutha kusuntha chithunzi mpaka duwa lalikulu likhale pakati pa chifuwa kapena pakati pa msana, ndi kupewa kuti zozungulira ziwiri zigwere pa mabere kapena kumbuyo kwa siketi. Pa ntchito imeneyi dulani nsalu yosapinda. Chidutswa cholembedwa kuti chidulidwe popinda, jambulani theka, lembani mzere wapakati ndi choko, tembenuzani chithunzi ndi batani la Flip, gwirizanitsani ndi mzere uja, n'kujambula theka linalo. Mikono ndi zidutswa zina zapawiri zimafunanso Flip, apo ayi mudzapeza mikono iwiri yakumanzere. Chitenje chabwino chimaoneka chimodzimodzi mbali zonse, ndiye lembani mtanda wa choko kumbuyo kwa chidutswa chilichonse mukangochidula. Samalani kuti zilembo za m'mphepete mwa chitenje zisalowe m'chidutswa.

Chidutswa chachitali kuposa chithunzi, monga buluku kapena diresi lofika m'mapazi, chimadulidwa kawiri. Jambulani mbali imene ikuoneka. Pafupi ndi pothera chithunzi ikani madontho atatu a choko pa malo odziwika a pateni: awiri m'mbali, limodzi pa muvi wa ulusi. Kokani nsalu mosamala, yalaninso motsata mzere wa pamphasa, ndipo sunthani chithunzi mpaka chikhale pa madontho onse atatu. Awiri okha sakwanira kukuuzani ngati nsalu yapotoka. Madontho omwewa ndi amene amakupulumutsani magetsi akazima ntchito ili pakati.

Nsalu yokhuthala imachepetsa chithunzi chifukwa pamwamba pake payandikira lenzi. Pa mtunda wa masentimita 155, nsalu ya bulangeti yopinda pawiri yokwera sentimita imodzi imachotsa pafupifupi mamilimita anayi pa masentimita 60 aliwonse. Pa chitenje ndi poplin musadandaule nazo. Pansalu yokhuthala, yalani pepala lanu la bokosi pamwamba pa nsaluyo n'kuyezanso.

Kusintha pateni kuti ikwane mwini chovala

Kutalikitsa ndi kufupikitsa n'kosavuta kuposa papepala. Mapateni amakhala ndi mzere wopingasa wosonyeza posinthira kutalika. Tinene kuti mukufuna kuwonjezera masentimita 5 pa thupi la diresi. Jambulani kuchokera pamwamba kufika pa mzerewo, n'kuika madontho pamene wakumana ndi m'mbali ndiponso pa muvi wa ulusi. Yezani masentimita 5 kutsika kuchokera pa dontho lililonse, ikani madontho atsopano. Tsitsani chithunzi ndi batani la muvi mpaka mzere wopingasa ukhale pa madontho atsopanowo, muvi wa ulusi usanachoke pamzere wake. Pitirizani kujambula mbali yakumunsi, kenako lumikizani mpata uja ndi rula mosalala. Pofupikitsa mumakweza chithunzi m'malo motsitsa. Chimene mwachita kutsogolo chitaninso kumbuyo, ndipo lembani m'kope nambala imene mwasintha, chifukwa fayilo siisunga zimene mwachita pansalu.

Anthu ambiri sakwana saizi imodzi thupi lonse. Wina chifuwa ndi 12 koma mahipi ndi 14. Yatsani ma layer onse awiri. Kuchokera paphewa kufika kunsi kwa khwapa tsatirani 12, pa mahipi tsatirani 14, ndipo pakati lumikizani ndi mzere wokhota pang'onopang'ono kudutsa m'chiuno, osasiya kona yakuthwa. Khosi, khwapa ndi mkono zikhale za saizi imodzi, apo ayi mkono sulowa m'malo mwake. Mukamaliza yezani msoko wa m'mbali kutsogolo ndi kumbuyo muone ngati n'zofanana kutalika.

Kusiyana kukakhala kochepa, gawani ndi zinayi. Pateni yapangidwira mahipi a 102, mwini siketi ali ndi 106, kusiyana ndi 4, ndiye kuti sentimita imodzi pa mbali iliyonse ya chidutswa cha kutsogolo ndi cha kumbuyo. Jambulani zonse kupatula mzere wa m'mbali, sunthani chithunzi sentimita imodzi panja, jambulani m'mbalimo. Pa bulauzi musawonjezere posuntha chidutswa kuchoka popinda nsalu, chifukwa khosi limakula nalo limodzi n'kumagwa paphewa. Zikafuna kupitirira masentimita awiri pa msoko uliwonse, tengani saizi yotsatira.

Pulogalamu ili ndi batani la Scale lokulitsa chithunzi chonse. Musaligwiritse posintha saizi ya munthu. Mukakulitsa ndi magawo 5 pa 100, khosi, khwapa, thumba, kutalika ndi alawansi ya msoko zonse zimakula pamodzi, pamene thupi la munthu silikula choncho. Batanili n'labwino pa zikwama, zidole ndi maluwa osokerera pansalu.

Pali kusintha kwina kumene kusuntha chithunzi sikungathe: kuwonjezera malo a mabere, kusamutsa dati, kukonza phewa lotsetsereka, kuchotsa nsalu yotukumuka pamwamba pa matako. Zimenezi zimafuna kudula pateni n'kuitambasula. Yalani pepala la khaki pa tebulo, jambulani chidutswa chokhacho chimene chikufuna kukonzedwa, chiduleni, chitambasuleni, matani pepala lina kunsi, ndipo zidutswa zina zonse dulani ndi pulojekita monga mwa masiku onse. Amene amadziwa kompyuta amachita zomwezi mu Inkscape, pulogalamu yaulere imene imatsegula PDF, n'kusunga fayilo yatsopano ya munthu ameneyo, koma asanadule aziyezanso kabokosi koyesera chifukwa kukula kumatha kusintha posunga. Mwa njira iliyonse, sokani kaye choyesera pa bedishiti yakale, mwini chovala avale, akweze manja, akhale pampando, ndipo zimene mwatsina ndi mapini pa choyeseracho muziyeze ndi kuzilemba m'kope musanayale chitenje chenicheni.